Madoda a ku Ulaya akulirira Bedford ya m'bokosi

Anzanga a mumsika, sabata ino tisiye kaye za mitengo ya chimanga ndi ziphaso za khonsolo. Ndili ndi nkhani ya madoda a imvi a ku Ulaya amene akulirira zidole. Eee, zidole. Musafulumire kuseka, pakuti kulira kwawoko inu ndi amene mungakumvetse kuposa wina aliyense.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amagwira ntchito ku Luton ku Mangalande. Atabwera kutchuthi anandipatsa kabokosi kojambulidwa ndege pamwamba. Ine ndimati m'katimo muli ndege. Kutsegula, ndi tizidutswa ta pulasitiki tolumikizana ngati minga ya chambo, ndi pepala la malangizo. Ati udule wekha, umate wekha ndi guluu, upakenso penti wekha. Ndinamufunsa, "Iwe, ndalama yonseyi kugulira ntchito?" Iye kuseka. "Amalume, kumeneko bambo wamkulu amatha miyezi itatu pa kanthu kamodzi aka."

Masewerawa si adzulo. Kampani ya Airfix inayambitsidwa ku London mu 1939 ndi Nicholas Kove, ndipo chinthu choyamba chomanga wekha chimene inatulutsa mu 1949 chinali thirakitala ya Ferguson. Ndege ya nkhondo ya Spitfire inabwera mu 1953, basi malonda n'kuyaka moto. Ku Japan kuli Tamiya, ku Italy kuli Italeri, ku America kuli AMT. Chilichonse chimapangidwa pamuyeso wake. Akalemba 1:24 ndiye kuti chidolecho n'chochepa ka 24 poyerekeza ndi chenicheni, kotero lole yotalika mamita 6 imakhala masentimita 25, yokwana pa benchi pambali pa milu ya tomato.

Tsono vuto lili apa. Ukafuna kasinja wa nkhondo ya Hitler, amtundu umodzi omwewo alipo a makampani angapo. Ukafuna Ferrari, sankha wekha. Koma funsa vani yonyamula buledi kapena lole yonyamula malasha ya m'ma 1950 ndi 1960, wogulitsa ayamba kukanda m'mutu. Madodawa akufuna Bedford CA, vani imene inapangidwa kuyambira 1952 mpaka 1969. Akufuna Bedford TK ndi Bedford J. Ati galimoto zimene zinadyetsa mizinda yawo ndi zimenezi, osati za mipikisano zija zimene munthu wamba sanakhalemo ndi tsiku limodzi lomwe.

Kunena zoona, sikuti mashelefu ndi ouma gwa. Revell ndi Hasegawa anapanga kombi ya Volkswagen, Heller ya ku France inapanga vani ya malata ija ya Citroën H, ndipo Emhar inatulutsa Bedford O ya 1:24. Airfix nayo ili ndi ma Bedford, koma ndi a asilikali. Mwaona? Lole ikavala yunifolomu imapeza malo m'bokosi, ikanyamula kabichi ayi.

Chifukwa chake inu mukuchidziwa kale, kungoti kumeneko amavala tayi pochifotokoza. Tizidutswa tija amatiumba pothira pulasitiki wosungunuka m'chikombole cha chitsulo, monga timachitira ndi njerwa, koma chikombolecho kuti achiseme pamalowa mpamba woopsa. Pamafunikanso kupeza galimoto yeniyeni yoti ayeze, ndiponso kulipira eni dzina la galimotoyo. Mpamba umenewu umabwerera pokhapokha mabokosi atagulidwa zikwizikwi. Spitfire amaigula mwana, bambo ndi agogo, ku Mangalande ndi ku Japan komwe. Nanga vani ya buledi ya ku Luton, munthu wa ku Osaka aigulirenji?

Mayi aliyense wa kaunjika amamudziwa kasitomala uja amene amabwera Loweruka lililonse kudzafunsa jekete ya mtundu wakutiwakuti. Mukapita kukaoda belo lonse chifukwa cha iye, tsiku limenelo ndi limene amati, "Ndibwera mwezi ukatha." Makampaniwa akuopa zomwezo. Airfix yomweyi inagwapo mu 1981, ndipo mu 2006 inagulidwa ndi Hornby itakumananso ndi mavuto. Wopsa ndi phala amauzira ndi madzi omwe. Pamenepa ine sindingawanene.

Komabe mtima wanga uli kwa madodawa, chifukwa galimoto akuzilirirazo n'zathunso. Ndani wa msinkhu wanga sanakwerepo pamwamba pa matumba a mbatata ya kachewere pa Bedford ya mphuno, kuchokera ku Lizulu usiku, chisanu chikuboola m'mafupa? Fodya ankapita ku okushoni ku Limbe pa malole omwewa. Peugeot 404 ya pikapu, imene ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 1991, ndiyo inali matola athu, anthu khumi ndi mphambu kumbuyo, nkhuku ndi njinga pomwepo. Fakitale ya malole a Bedford ku Dunstable inagulitsidwa mu 1987, ndipo otsala kuno akutha ndi anyamata ogula zitsulo zakale pa sikelo. Mdzukulu wanga ndikamuuza za Bedford amaganiza kuti ndi dzina la m'busa.

Masiku ano ena kumeneko atopa n'kudikira. Amajambula galimoto pa kompyuta n'kuitulutsa pa makina otchedwa 3D printer, amene amaumba kanthu kamodzikamodzi popanda chikombole cha chitsulo. Mtengo wake ndi wowawa ndipo zina zimatuluka zokhota, koma munthu amapeza lole ya kumtima kwake.

Apa ndiye ndinamuseka mphwanga uja. Ife ku Ndirande tili ana sitinalembere kalata kampani iliyonse. Waya tinkatola, matayala anali zitini za polishi wa nsapato, zomangira zinali malegeni a chubu cha njinga, chiwongolero chotalika kufika m'chiuno. Bedford yanga inali ndi masipuling'i, ndipo inkanyamula njerwa ziwiri osagwada. Ndamuuza kuti pobwerera ku Luton asiye malo m'sutikesi. Pali mnyamata kuseri kwa mabenchi a nsomba amene wavomera kundipangira ya mphuno, bola waya ndigule ndekha.