Musanagule pulojekita, itembenuzeni muone kumbuyo

Pamisonkhano ya maphunziro, m'matchalitchi ndi m'makalasi, nthawi yambiri imathera pa mphindi zija anthu aunjirira laputopu, wina akugwedeza chingwe, wina akudina rimoti, pakhoma pakungooneka buluu ndi mawu akuti No Signal. Amayi ndi abambo amene analawirira m'mamawa kuti asachedwe amangokhala chete kudikira. Zimandipweteka, chifukwa kawirikawiri pulojekitayo imakhala yabwinobwino. Amene anaigula anafunsa za mtengo ndi kuwala kwake, koma sanaitembenuze kuti aone polowetsera zingwe.

Mapulojekita ambiri amene ali m'sukulu ndi m'mipingo mwathu anabwera atagwira kale ntchito kwina, ndipo kumbuyo kwake kuli polowetsera pa buluu, pa timabowo 15 m'mizere itatu. Imeneyo ndi VGA, yomwe kampani ya IBM inatulutsa mu 1987. Chingwe chake chili ndi tizomangira tiwiri m'mbali, choncho sichizuka wamba mwana akachipunthwa, ndipo pa chimenecho ndimachilemekeza. Koma chimanyamula chithunzi chokha, mawu ayi. Mu 2010 makampani a Intel ndi AMD analengeza kuti pofika 2015 adzakhala atasiyana nayo VGA, n'chifukwa chake malaputopu atsopano opyapyalawa alibe malo ake. M'malo mwake muli HDMI, yomwe inakhazikitsidwa kumapeto kwa 2002. Iyoyo imanyamula chithunzi ndi mawu pa chingwe chimodzi. Ngati laputopu ndi pulojekita zonse zili ndi HDMI, nkhani yathera pomwepo.

Mavuto amayamba laputopu ikakhala ya HDMI, pulojekita ya VGA. Apa ndi pamene ndalama za mpingo kapena za komiti ya sukulu zimalowa m'madzi. Pamsika mupeza chingwe chooneka bwino, mbali ino mutu wa HDMI, mbali inayo wa VGA, pakati popanda kanthu. Musachigule. HDMI imatumiza chithunzi mwa digito pomwe VGA imachilandira mwa analogi, ndipo awiriwa ali ngati anthu a zilankhulo zosiyana: popanda womasulira sangamvane. Womasulirayo ndi adaputa yokhala ndi kachipangizo mkati kosandutsa chithunzicho. Ndipo adaputayo imayenda njira imodzi yokha. Yochokera ku HDMI kupita ku VGA ndi ina, yochokera ku VGA kupita ku HDMI ndi inanso, ndipo yachiwiriyi kawirikawiri imafuna kupatsidwa mphamvu kudzera pa USB. Mukafika kwa wogulitsa, musangonena kuti mukufuna adaputa ya VGA ndi HDMI. Nenani kumene chithunzi chikuchokera ndi kumene chikupita. Dziwaninso kuti HDMI ili ndi chitetezo chotchedwa HDCP choletsa kukopera mafilimu, moti dikoda kapena Netflix zitha kungoonetsa mdima zikadutsa pa adaputa ya VGA, pamene zolemba za PowerPoint zikuoneka bwinobwino.

Msampha watsopano ndi USB-C, kabowo kakang'ono kaja kamene chingwe chimalowa mbali iliyonse mungachitembenuzire. Kanafika mu 2014 ndipo lero kali pa mafoni ndi malaputopu ambiri. Kampani ya Apple inachotsa HDMI pa MacBook Pro mu 2016 n'kusiya timabowo ta mtundu umenewu, kenako mu 2021 inaibwezeretsa. Chosautsa n'chakuti timabowo ta USB-C timafanana maonekedwe koma sitigwira ntchito zofanana. Tina timangotchaja ndi kusamutsa mafayilo, chithunzi sititulutsa. Kamene kamatulutsa chithunzi nthawi zambiri kamakhala ndi chizindikiro cha mphezi pambali, kutanthauza Thunderbolt, kapena buku la makinawo limatchula DisplayPort Alt Mode. Mafoni ambiri otchipa alibe zimenezi, choncho mphunzitsi amene akufuna kuonetsa phunziro kuchokera pafoni ayambe wafufuza asanawononge malipiro ake pa adaputa. Chingwe chotchajira chokha nachonso chitha kulephera ngakhale kabowoko kali koyenera.

Kumbuyo kwa pulojekita kulinso malo awiri osokoneza. Ena ali ndi timapini 9 m'mizere iwiri, olembedwa RS-232. Amafanana ndi VGA koma ntchito yake ndi yolamulira makinawo, chithunzi sichilowera pamenepo. Ena ndi a VGA ndithu koma olembedwa Monitor Out, otulutsira chithunzi kupita ku sikirini ina. Chingwe cha laputopu chilowe polembedwa Computer In.

Kwa amene akupachika pulojekita kudenga la tchalitchi kapena holo, utali wa chingwe ndi nkhani yaikulu. Chingwe wamba cha HDMI chikapitirira mamita 10 mpaka 15, chithunzi chimayamba kuthwanima kapena kusowa kumene. Pa mtunda wautali pamafunika chingwe cha HDMI cha faiba, kapena timabokosi tiwiri ta HDBaseT totumiza chithunzi pa chingwe cha netiweki cha Cat6 mpaka mamita 100. Zingwe za faibazi zili ndi mbali yolembedwa Source ndi ina Display, ndipo mukazitembenuza sizigwira. Yesani zonse pansi kaye, mmisiri asanakwere makwerero ndi kukhoma siling'i. Koma pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu, musalole kuti wina akulipiritseni kawiri ati chifukwa mutu wake ndi wagolide. Chingwe cha digito chikamagwira bwino, chithunzi chimakhala chimodzimodzi.

Za mawu n'zachidule. Pa VGA mufunika chingwe china cha 3.5 mm chochokera pa laputopu kupita ku masipika. Pa HDMI laputopu imatumiza mawu ku kasipika ka m'pulojekita, kamene m'holo sikamveka, ndiye muwatulutse pa Audio Out kupita ku ampu. Ndipo musananene kuti chingwe chafa, dinani batani la Source pa rimoti, kenako pa laputopu ya Windows dinani batani la Windows limodzi ndi P n'kusankha Duplicate.

Maganizo anga ndi akuti zingwe ndi udindo wa mwini pulojekita, osati wa mlendo amene waitanidwa kudzalankhula. Inu akuluakulu a mpingo, aphunzitsi aakulu ndi oyang'anira zogula m'maofesi, polemba bajeti ya pulojekita ikanimo chingwe cha HDMI, adaputa ya USB-C kupita ku HDMI, ndipo ngati makina anu ndi akale, adaputa ya HDMI kupita ku VGA. Zilembeni dzina la bungwe lanu, zizikhala m'chikwama cha pulojekitayo, ndipo pakhale munthu mmodzi woziwerenga msonkhano ukatha. Mlendo wanu mumufunse dzulo lake kuti laputopu yake ili ndi polowetsera potani.