Lichero louluka nalo lizikhala ndi “koma”

Tili m'chapa (minibasi) pa msewu wa N13, kuchoka ku Cuamba kulowera ku Mandimba, mnyamata amene tinapanikizana naye mpando anandipatira kope lake. Linali lonyowa m'makona ndi thukuta la m'manja. “Bambo, tandiwerengereni nkhani yangayi,” anatero mwamanyazi.

Nkhaniyo inali ya mwana wamasiye wa ku Ngauma amene anatola lichero louluka. Chichewa chake chinali chokoma, ndipo ndinamva fungo la utsi wa m'khitchini ya mayi womupeza. Koma pofika tsamba 10 mtima wanga unazirala. Adani akamuzinga, lichero limamuulutsa. Njala ikamupweteka, lichero limatulutsa nsima. Ng'ona ya m'nyanja ya Amaramba itamugwira mwendo, lichero lomwelo linasanduka mkondo. Ndiye ine ndimuderenji nkhawa mwana woteroyo?

Agogo anga sanapite kusukulu, koma luso lodetsa omvera nkhawa ankalidziwa. Akangoti “Padangotero,” ife n'kuyankha “Tili tonse,” sipankapita nthawi sing'anga wa m'nthanoyo asananene mawu aja: “Mankhwalawa agwira, koma usakacheuke.” Pa “koma” ameneyo mpamene pankagona nthano yonse. Tinkakhala chete pamoto, mbatata n'kupserera, tikudikira nthawi imene munthuyo adzacheuke. Tinkadziwa kuti acheuka ndithu. Chimene sitinkadziwa n'chakuti amucheutsa ndani: mawu a mayi ake omwalira, kapena kulira kwa mwana wake.

Ngakhale kumudzi anthu akamanong'onezana za mankhwala olemeretsa, funso limakhala la chizimba: analipira chiyani? Wolemba aike mtengowo koyambirira, owerenga auone ndi maso, kenako aukumbukire pamene zinthu zathina.

Wolemba Mia Couto, m'buku lake la Terra Sonâmbula la mu 1992, anamangirira zodabwitsa zake zonse pa chinthu chogwirika: makope a Kindzu amene Muidinga ndi nkhalamba Tuahir anawapeza pafupi ndi basi yopsa. Makopewo amatha, ndipo owerenga amamva kuti mapeto akuyandikira.

Tisanatsike ku Mandimba ndinamufunsa mnyamata uja kuti lichero likamauluka limadya chiyani. Anakhala phee mpaka tinafika pamene a kabaza amadikirira anthu opita ku Chiponde. Kenako anati, “Nanga bwanji ulendo uliwonse akauluka aziiwala chinthu chimodzi cha mayi ake omubereka?” Ndinamubwereka cholembera, analemba pachikuto, atatsamira chitseko cha chapa.