Kupumula Nako N'kophunzira

Kunyumba kwa mchemwali wanga, ana akaona makatani atsekedwa masana ndipo mayi awo amanga chitenje chothina kumutu, amazimitsa okha wailesi. Amadziwa kuti mutu wafika. Amagona mumdima tsiku lonse, mwinanso awiri, akusanza, ngakhale fungo la anyezi wokazinga likuwanyansa. Tsiku lina apongozi awo anati, "Mutu tonse timadwala, koma nsima timaphika." Achemwaliwo anandiuza kuti mawuwo anawapweteka kuposa mutuwo.

Mutu waching'alang'ala si mutu wamba. Nthawi zambiri umagunda mbali imodzi, umabwera ndi nseru, ndipo kuwala ndi phokoso zimasautsa. Ukapanda kuchizidwa umatenga maola 4 mpaka 72. Akazi amene amadwala mutuwu ndi ochuluka pafupifupi katatu kuposa amuna, ndipo china chimene chimachititsa ndi mahomoni: estrogen ikatsika msambo ukamayandikira, ambiri mutu umawayamba. Madokotala amati mutu ndi wokhalitsa ngati ukuwawa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yoposa itatu.

Ambirife tikamva mutu timathamangira ku golosale kukagula mapiritsi. Amathandiza, inde, koma pali msampha. Munthu akamamwa mankhwala wamba opha ululu, monga paracetamol kapena ibuprofen, masiku 15 kapena kuposa pamwezi kwa miyezi ingapo, mankhwalawo amayamba kudzetsa mutu wawo. Mapiritsi ophatikiza, monga okhala ndi caffeine kapena codeine, malire ake ndi masiku 10 okha. Ndiye munthu amamwa chifukwa mutu ukuwawa, mutu n'kumawawa chifukwa akumwa. N'chifukwa chake lero ndikufuna tikambe za njira ina yosagula, yophunzitsa thupi kumasuka.

Si nkhani yatsopano ayi. Mu 1929, dokotala wa ku America, Edmund Jacobson, analemba buku lotchedwa Progressive Relaxation. Iye anaona kuti anthu ambiri amayenda minofu yawo ili yokungika koma sadziwa, ndipo kuti munthu akhoza kuphunzira kuzindikira kukungikako n'kukumasula. Mu 2000, malangizo a US Headache Consortium, gulu la mabungwe a madokotala ku America, anaika maphunziro a kumasula thupi pakati pa njira zokhala ndi umboni wamphamvu zopewera mutu waching'alang'ala. Sikuti amachiza mutuwo n'kutheratu. Amathandiza kuti uzibwera patalipatali.

Zimatheka bwanji? Nkhawa si imene imabala matendawa, koma ndi imodzi mwa zinthu zimene zimawadzutsa. Mukapanikizika, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, mapewa amakwera, mano amalumana. Tadziyesani pompano pamene mukuwerenga pafonipa: mapewa anu ali pati? Mwina ali pafupi ndi makutu. Thupi likakhala choncho kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ena mutu umawagwira Loweruka, atangoti apume. Kuphunzira kumasuka tsiku ndi tsiku kumathandiza kuti thupi lisamafike pokungika chonchi.

Kachitidwe kake ndi aka. Pezani mphindi 15. Khalani pampando kapena gonani chagada pamphasa, foni muyiike pa silent. Ikani dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba itukuke, osati chifuwa. Tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kakhumi.

Kenako fumbatani chibakera kwa masekondi 5, musiye, ndipo kwa masekondi 20 mvetserani kusiyana kwake. Pitani ku mikono, kenako kwezani mapewa n'kuwagwetsa. Kwinyani chipumi, mumasule. Lumani mano pang'ono, musiye nsagwada ilende. Malizani ndi mimba, ntchafu ndi mapazi. Musakunge mwamphamvu mpaka kumva kuwawa, ndipo malo amene akupweteka kale, monga khosi, ingowamasulani osawakunga. Maganizo akathawira ku ngongole ya banki mkhonde kapena ku fizi ya mwana, musadzikalipire. Bwererani ku mpweya.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amadikira mutu uyambe kugunda ndiye n'kuyesa, zikakanika n'kunena kuti n'zabodza. Denga timafolera mvula isanagwe. Izi muzichita masiku amene muli bwino, tsiku lililonse, pa nthawi yofanana, mpaka thupi lizolowere. Mukazolowera mudzatha kugwetsa mapewa ndi kupuma mwapamimba muli mu minibasi kapena pamzere wa ku banki, wina osadziwa. Musaweruze sabata yoyamba. Dzipatseni mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo muzilemba pafoni tsiku limene mutu wawawa, mapiritsi amene mwamwa, mmene munagonera, ngati munadumpha chakudya, ndi tsiku la msambo. Zolembazo zidzakuuzani ngati pali kusintha, ndipo dokotala zidzamuthandiza.

Ndikudziwa funso lanu: mphindi 15 zimenezo mayi wa ana azitenga kuti? Choyamba tinene chilungamo, kugona pabedi mukuyendetsa chala pa TikTok si kupumula. Maso ali pa kuwala, khosi lapindika, ubongo uli pa ntchito. Chachiwiri, nkhaniyi ikukhudzanso inu abambo ndi achimwene. Mayi akatseka chitseko kwa mphindi 15, si ulesi, si kunyada. Nyamulani mwanayo, vundulani ndiwozo. Mukakana mphindi 15 lero, mudzaphika nokha masiku awiri.

Koma pali mutu wosafunika kupuma mwapamimba, wofunika chipatala tsiku lomwelo. Mutu wobwera mwadzidzidzi mwamphamvu kuposa wina uliwonse umene munamvapo. Mutu wobwera ndi kutentha thupi kapena kuuma khosi, chifukwa akhoza kukhala malungo kapena matenda oumitsa khosi. Mutu wobwera ndi kufooka mbali imodzi ya thupi, kukomoka, kapena kulephera kulankhula. Mutu woopsa mwa mayi woyembekezera, makamaka ngati nkhope kapena manja zatupa kapena akuona mwachimbuuzi. Komanso ngati mutu wanu umayamba ndi kuona zong'anima kapena mizere yokhotakhota, auzeni a zakulera musanalandire mapiritsi okhala ndi estrogen, chifukwa kwa mayi wotere amawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Njira zina zakulera zilipo.

Achemwali anga anasankha nthawi ya m'mawa, ana akangonyamuka kupita kusukulu, asanagwire tsache. Masabata oyamba ankaseka okha, akuti ankadziona ngati wopusa atakhala pamphasa n'kumafumbata zibakera. Mutu sunathe, ndipo kuchipatala amapitabe. Koma masiku otseka makatani achepa, ndipo paketi ya mapiritsi ikukhalitsa m'kabati. Sabata yatha apongozi aja anafika m'mawa n'kupeza chitseko chakuchipinda chotseka. Mlamu wanga anawapatsa mpando pakhonde n'kunena kuti, "Mayi, tadikirani pang'ono, akumwa mankhwala."