Kabokosi kamagetsi kamene timakanyozera

Mphwanga wina amajambula maukwati ndi zinkhoswe. Chaka chatha anasonkhanitsa ndalama zopangira kompyuta yapadesiki yoti azikonzerapo makanema ake. Anatha masabata akufunsafunsa za purosesa, za RAM ndi za graphics card. Pofika pa kabokosi kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira zipangizo zonse, kamene amisiri amakatchula power supply kapena PSU, thumba linali litapepuka, ndiye anangotola kotchipa kolembedwa 500W pambali pake. Patatha miyezi itatu kompyuta inayamba kuzima yokha ntchito ikalemera. Tsiku lina magetsi atabwera pambuyo pothima, kabokosi kaja kanapsa, n'kupsereza motherboard ndi hard disk momwe munali ukwati wonse wa anthu. Ndinamuperekeza kukapepesa kubanjako, ndipo nkhope ya mayi a mkwatibwi sindiiiwala.

Pakhoma pathu pamatuluka magetsi a 230V, koma zipangizo za m'kati mwa kompyuta zimafuna 12V, 5V ndi 3.3V, osagwedezeka. Ntchito ya kabokosika ndi kutsitsa magetsiwo ndi kuwasalaza. Kabwino kamakhala ndi chitetezo choti magetsi akakwera mopitirira kapena mawaya akagundana, kamadzizimitsa kokha zina zonse zisanapse. Kotchipa kwambiri nthawi zambiri chitetezocho chimakhala chofooka kapena palibiretu, ndipo n'chifukwa chake kakafa sikafa kokha.

Chimene chinamupusitsa mphwanga ndi nambala yaikulu ija. Ndikupempha aliyense amene akugula kuti atembenuze kabokosiko n'kuwerenga chomata cha pambali, pamzere wa +12V. Purosesa ndi graphics card, zimene zimadya magetsi kwambiri, zimamwa pamzere umenewu. Pansi pake pamalembedwa ma amp. Muchulukitse nambalayo ndi 12, mudzapeza mphamvu yeniyeni. Ka mphwanga kanalembedwa 18A, kutanthauza 216W basi. Mawati otsalawo opanga ake anawakundika pa 5V ndi 3.3V, pamene kompyuta zamakono sizifunapo zambiri. Pa kabokosi kabwino, mzere wa 12V wokha umafika pafupi ndi nambala yonse yolembedwa pakatoni.

Nanga munthu amafuna mawati angati? Kompyuta ya muofesi, yolembera makalata ndi kulowera pa intaneti, 300W yoona imaikwanira bwino lomwe. Nkhani imasintha mukaikamo graphics card. Khadi ya RTX 3060, imene mphwanga anagula, payokha imadya pafupifupi 170W, ndipo kampani ya Nvidia imalangiza kabokosi ka 550W. Kugula ka 1000W pa kompyuta yotere n'kutaya ndalama zimene zikanagula ka 550W kolimba. Muonenso ngati kali ndi chingwe cha mapini 6 kapena 8 chopita ku khadiyo. Timawaya tolumikizira tokakamiza malo opanda chingwe chotere ndimatiopa, timatentha.

Palinso chizindikiro cha 80 Plus, chimene chinayamba mu 2004. Chimasonyeza kuti pa magetsi 100 alionse olowa, osachepera 80 amafika ku kompyuta, otsalawo n'kusanduka kutentha. Pali magawo ake: Bronze, Silver, Gold, Platinum ndi Titanium. Kompyuta yofuna 300W imakoka 375W pakhoma ngati kabokosi kali pa 80, koma 333W yokha ngati kali pa 90. Kwa ife ogula mayunitsi, kusiyanaku kumaoneka mwezi ukamatha. Komabe chizindikirochi chimangonena za kusawononga magetsi, osati kulimba, ndipo alipo amene amachimata mwachinyengo. Ine ndimadalira dzina lodziwika monga Seasonic, Corsair kapena Cooler Master, pamodzi ndi waranti yolembedwa papepala.

Kompyuta zambiri kuno zimabwera zakaunjika, ndipo apa pali misampha iwiri. Timabokosi takale timakhala ndi kaswichi kofiira kumbuyo, kolembedwa 115 ndi 230. Kompyuta yochokera ku America, kumene pakhoma pamakhala 120V, ingafike kali pa 115. Mukailumikiza osakasuntha, iphulika nthawi yomweyo. Msampha wina ndi wa kompyuta za muofesi za Dell, HP ndi Lenovo: zambiri sizitsatira pulagi ya mapini 24 ya dongosolo la ATX limene Intel inayambitsa mu 1995, koma zili ndi mapulagi awoawo. Kabokosi kake kakafa, munyamule kakufako popita kusitolo kuti mukayerekeze pulagi ndi kukula kwake. Ndipo chonde musakatsegule nokha. Muli ma capacitor amene amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi pakhoma.

Ndi mmene magetsi athu amathimira ndi kubwera mwadzidzidzi, chipangizo chosunga magetsi chotchedwa UPS si chinthu chodzionetsera. Chimapatsa munthu mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa kompyuta bwinobwino. Mphwanga anagwira maukwati anayi asanakwanitse kugula motherboard ina, kabokosi ka 550W ka Bronze ndi UPS. Masiku ano akamaliza kujambula, amayamba wakopera zithunzi pa hard disk yachiwiri asanavule n'komwe nsapato.