Palibe gawo la ubongo lomwe likugona

Nkhani yoti munthu amagwiritsa ntchito 10 peresenti yokha ya ubongo wake yayambanso kuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ulendo uno yabwera ndi malonda: mapilisi ndi timabotolo toti akuti tidzutsa 90 peresenti yotsalayo. Makolo a ana omwe akuyandikira mayeso ndiwo akutulutsa ndalama, ndipo izi zikutidetsa nkhawa kwambiri.

Ofalitsa nkhaniyi amati maselo otumiza uthenga, manyuroni, ndi ochepa, ndipo ena onse, otchedwa glia, amangodzaza malo. Mfundo yawo yagona pomwepo, ndipo ndi yabodza. M'chaka cha 2009, Suzana Herculano-Houzel wa ku Brazil ndi anzake adawerenga maselo a mu ubongo wa munthu napeza manyuroni pafupifupi 86 biliyoni, ndipo maselo ena onse adakwana pafupifupi 85 biliyoni. Chiwerengero chake n'chofanana ndithu. Nanga 10 ndi 90 uja akuchokera kuti?

Ngakhale maselo a glia akanachuluka chotani, sagona ayi. Ena amadyetsa manyuroni ndi kuthandiza kutchinga zoipa za m'magazi kuti zisalowe mu ubongo. Ena, otchedwa microglia, amalimbana ndi tizilombo ndi kuchotsa maselo akufa. Enanso amakuta minyewa ndi mafuta otchedwa myelin, monga pulasitiki imakutira waya wamagetsi, ndipo chifukwa cha mafutawo uthenga umatha kuthamanga mamita oposa 100 pa sekondi imodzi.

Amene akukayika aone zomwe khate limachita. Kachilombo ka khate kamalowa m'maselo a Schwann, mtundu wa glia womwe umakuta minyewa ya m'manja ndi m'mapazi. Maselowo akawonongeka, minyewa imafooka, dzanja limachita dzanzi. Munthu amagwira mphika wotentha osamva kanthu, amaponda munga osadziwa, chilonda chimakula mpaka zala kuwonongeka. Awa ndi maselo omwe wogulitsa mapilisi akuti alibe ntchito!

Sitiroko nayo imatha kuwononga kagawo kochepa chabe ka ubongo, koma munthu amasiya kulankhula kapena kufa ziwalo mbali imodzi. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zake zonse. Zoti Albert Einstein adanena za 10 peresenti ija zilibe umboni, ndipo filimu ya Lucy ya 2014 yomwe ena amatchula ndi sewero chabe.

Chomwe chikutiwawa n'chakuti anthu ophunzira omwe, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi, akutumizirana uthengawu osafunsa n'komwe. Lonjezo loti ubongo wonse uyake nthawi imodzi ndi loopsa. Manyuroni ambiri akatumiza uthenga pamodzi mopanda dongosolo, munthu amagwa ndi kuphupha, monga zimachitikira kwa wodwala khunyu. Ubongo wabwino uli ndi manyuroni ena omwe ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kuti asapitirire muyeso.

Inu makolo, simudziwa zomwe zili m'botolo lopanda chizindikiro chovomerezeka, ndipo mukumwetsa mwana wanu. Ngati mwana akuodzera m'kalasi kapena akuiwalaiwala, onani ngati akudya asanapite kusukulu ndiponso ngati akugona mokwanira, kenako mupite naye kuchipatala akamuyeze malungo ndi kuchepa kwa magazi.