Masamu amene analoza manda a anthu 44

Pa 15 November 2017, sitima ya asilikali a ku Argentina yoyenda pansi pa madzi, ARA San Juan, inasowa m'nyanja ya Atlantic ili ndi anthu 44. Ndeke ndi zombo zinafunafuna, osaipeza. Uthenga wothandiza unacokela ku Vienna, ku bungwe la CTBTO, limene nchito yake ni kuchela khutu ngati dziko lina likuphulitsa bomba la nyukiliya mobisa. Makina ake omvela pansi pa madzi, ku zilumba za Ascension ndi Crozet, anali atagwila kugunda kwacilendo tsiku lomwelo, kucokela pa mtunda wa makilomita masauzande.

Kumva cabe sikukuuza kumene phokoso lacokela. Apa m'pamene masamu alowela. M'madzi a m'nyanja phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa mumphepo kanayi. Koma liwilo limeneli limasintha: madzi ofunda, amcele wambili, kapena opanikizika ndi kulemela kwa madzi apamwamba amalifulumizitsa. Ndiye phokoso siliyenda moongoka, limakhotela kumene liwilo lili locepa. M'madela ambili, pa kuya kwa mamita pafupifupi 1,000 pali mpata umene limatsekelekamo n'kuyenda kutali kwambili. Maurice Ewing ndi J. Lamar Worzel anauyesa mu 1944, nthawi ya nkhondo, ndipo umachedwa SOFAR. Ukadziwa kutentha ndi mcele wa madzi m'njila yonse, kompyuta ingathe kubwelela m'mbuyo kucokela pa nthawi imene phokoso linafika, n'kuloza malo.

Patapita caka, kampani ya Ocean Infinity inapeza sitimayo pa kuya kwa mamita pafupifupi 900, pafupi ndi pamene masamu analoza. Palibe anapulumuka, koma mabanja anadziwa kumene abale awo agona.

Cimene cinivuta ine n'cakuti luso limeneli linakulila m'manja mwa asilikali, ndipo zambili zimene makina awo amamva amazisunga mwacinsinsi. Ena adzati citetezo ca dziko cimafuna conco. Nikumva, koma kugunda kwa sitima imene ikuphwanyika si cinsinsi ca nkhondo. CTBTO ili ndi malo 11 cabe omvela nyanja zonse za padziko, ndipo inapeleka zimene inamva. Maiko amene ali ndi makutu oculuka kuposa amenewa azicita cimodzimodzi anthu akasowa, m'maola oyambilila, osati makolo atalila kale milungu.