Makina oona maganizo odzipha sanafike

Mu 2017 magazini ya sayansi ya Nature Human Behaviour inasindikiza kafukufuku amene anatchuka kwambiri. Marcel Just wa ku yunivesite ya Carnegie Mellon ndi David Brent wa ku yunivesite ya Pittsburgh, ku America, anagoneka achinyamata m'makina a fMRI, omwe amaonetsa mbali ya ubongo imene magazi akuthamangirako munthu akamaganiza. Ali chigonere ankawaonetsa mawu 30, monga imfa, nkhanza ndi chitamando. Kenako kompyuta inaphunzitsidwa kusanthula zithunzizo, ndipo akuti inkalondola ka 91 pa 100 posiyanitsa amene anali ndi maganizo odzipha ndi amene analibe.

Koma anthu ake anali 34 okha, 17 uku 17 uku, osankhidwa pa anthu 79 amene anajambulidwa. Akatswiri ena awiri, Timothy Verstynen ndi Konrad Kording, atafufuza anapeza kuti mawu ndi mbali za ubongo zoti kompyutayo iziyang'ana zinasankhidwa poona zithunzi za anthu omwewo amene inadzayesedwa nawo. Kuli ngati kuonetsa mwana mayankho usiku, m'mawa n'kumupatsa mayeso omwewo, ndiye n'kumamuimbira nthungululu. Mu 2023 kafukufukuyu anachotsedwa m'magaziniyo.

Sindikuwaseka Just ndi Brent. Vuto limene ankalimbana nalo ndi lenileni: munthu amatha kuuza dokotala kuti ali bwinobwino pamene mumtima wagamula kale. Joseph Franklin ndi anzake, chaka chomwecho cha 2017, anaunika kafukufuku 365 wa zaka 50, n'kupeza kuti zizindikiro zodziwika zoti munthu angadziphe sizisiyana kwenikweni ndi kungolota. Ndani sangalakelake makina odziwa zimene pakamwa pabisa?

Chondivuta n'chakuti chidwi chimathamangira makina okwera mtengo, pamene zothandiza zili poyera. Kumufunsa munthu mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo; kafukufuku wasonyeza zimenezi kangapo. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, pafupifupi atatu mwa anayi alionse m'mayiko osalemera, kumene makina a MRI ndi owerengeka. Dziko la Sri Lanka linaletsa mankhwala a mbewu aululu kwambiri amene anthu ankamwa podzipha, ndipo akatswiri akuyerekeza kuti anthu 93,000 anapulumuka pakati pa 1995 ndi 2015. Zokolola za alimi sizinatsike chifukwa cha chiletsocho.